Makadi awiri a Eneless ndi dzuwa la pa Golomoti

Loweruka lapitali ndinakuwa mpaka mawu kusasa, ine munthu wa imvi, mphunzitsi amene sabata yonse ndimaletsa ana phokoso. Ndinakuwira mu shopu ya magemu pa Golomoti, ndipo manyazi ndilibe.

Shopuyo ndi ya Eneless, mwana wa mlongo wanga. Ali ndi kompyuta imodzi yaikulu yomwe anyamata amasewerapo mpikisano wa magalimoto. Mwezi watha anapeza makadi awiri akale ofanana ngati mapasa. Makadi amenewa ndi omwe amajambula zithunzi zomwe mumaona pa sikirini. Anawaika onse mu kompyuta imodzi n'kuwalumikiza ndi kalamba kakang'ono kuti azigawana ntchito.

"Zili ngati ng'ombe ziwiri pa ngolo, amalume," anandiuza. "Magemu atsopano ambiri sazilola zimenezi, koma iyi ya magalimoto imalola."

Atatero anaitana anyamata a ku Mtakataka kuti adzapikisane ndi a pa Golomoti Loweruka masana. Mbiri inafika mpaka kwathu ku Mua.

Koma inu mukulidziwa dzuwa la Okutobala kuno kunsi kwa mapiri. Lachinayi nditadutsa pa shopupo ndinamupeza Eneless atagwira m'mutu. Gemu ikangoyamba, kompyuta inkalira ngati chigayo, galimoto pa sikirini n'kuyamba kudumphadumpha, kenako phi! Yazima. Pachitsulo chake munthu sukanakhazika dzanja.

A Kamwendo, owotcherera zitsulo pa khomo loyandikana, anasuzumira n'kupukusa mutu. "Mapanga awiri avumbwitsa, mwanawe. Chotsa kadi imodziyo, kapena ukaitane amisiri ku Lilongwe."

Ine ndinavomereza. Ndinamuuzanso kuti asatsegulenso chinthucho, angaononge.

Eneless anandiyang'ana mwaulemu, koma sikuludalaiva inali kale m'manja. "Amalume, sichinafe ichi. Chikubanika basi. Tandigwirireni tochiyi."

Zomwe ndinaona m'katimo! Fumbi la pamsewu linali litamata mafani ngati thonje. Makadi aja anali atathinana moti chala sichikanalowa pakati, ndipo ya pamwamba inkapuma mpweya wotentha wochokera kwa inzake. Mawaya anali piringupiringu, kutsekereza njira ya mphepo. Komanso kompyutayo inkakhala m'kabati yotseka, pansi pa malata, kuopa akuba.

Anatulutsa zonse panja. Anabwereka pampu ya njinga kwa wakabaza, ine n'kumapopa, iye atagwira mafani ndi chala kuti asazungulire. Fumbi linatuluka lotiyetsemulitsa tonse. Anapukuta phala louma lomwe limakhala pakati pa kadi ndi chitsulo choziziritsa, n'kupaka latsopano pang'ono ngati njere ya nyemba. Mawaya anawamanga pambali. Kenako anapita kwa a Kamwendo omwe aja ndi chivindikiro cha m'mbali mwa kompyutayo.

"Bambo, tandibooleni mabowo awiri apa, moyang'anana ndi makadi."

Anaboola akung'ung'udza. Pamabowopo Eneless anamangapo mafani awiri ochokera m'makompyuta akufa, oponya mphepo pakati penipeni pa makadi. Kutsogolo anakutira ndi kachidutswa ka neti ya udzudzu yong'ambika kuti kazisefa fumbi. Lamulo lake linali limodzi: mphepo yozizira ilowere kutsogolo ndi m'mbali, yotentha itulukire kumbuyo ndi pamwamba. Kompyuta anaichotsa m'kabati n'kuiika pa tebulo pafupi ndi zenera.

Loweruka shopu inadzaza mpaka ena kuonera pa zenera. A ku Mtakataka anabwera pa minibasi akudzitama. Ine maso anga sanali pa magalimoto ayi, anali pa kanambala ka pakona ya sikirini kosonyeza kutentha. Kanakwera. Kanakweranso. Mtima wanga unali m'mwamba. Kenako kanaima, n'kukhala pomwepo.

Ola loyamba linatha, lachiwiri, lachitatu. Magalimoto akuuluka mosadodoma, fumbi la m'gemumo likuoneka ngati lenileni. Pa mpikisano womaliza mnyamata wa pa Golomoti anapitirira mnzake wa ku Mtakataka pakona yomaliza, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti amene akukuwa kwambiri ndine. A Kamwendo anali kuuza aliyense kuti, "Mabowo amenewo ndinaboola ndine!"

Pobwerera ku Mua ndinkaseka ndekha panjinga. Koma nditalowa m'nyumba mwanga kuseka kunachepa. Wailesi ya kanema yavala nsalu yoluka. Invata ya sola ili m'katoni kuseri kwa mpando. Foni ikutchajidwa pansi pa pilo. Kwanu sizili choncho kodi?

Timaziphimba zinthu zathu chifukwa timazikonda. Timaopa fumbi, timaopa akuba, timaopa maso a alendo. Zikapsa timati katundu wa masiku ano ndi wabodza. Koma ndani anazitseka mphuno?

Ndipo si zipangizo zokha. Mawu amene ana athu amawamva kwambiri pafupi ndi chinthu cha magetsi ndi akuti "usakhudze". Inenso ndawanena kambirimbiri, ngakhale Lachinayi lomwe lija. Ndikudziwa sukulu zina kumene makompyuta opatsidwa akhala zaka atakutidwa ndi mapepala apulasitiki mu ofesi yokhoma, kudikira tsiku limene kudzabwere munthu wodziwa. Munthu wodziwayo adzachokera kuti ngati aliyense tikumumenya padzanja?

Sindikunena kuti mwana aliyense apatsidwe sikuludalaiva kuti akaphwasule wailesi ya bambo ake. Eneless anayamba wazimitsa magetsi, anafunsa, anawerenga, ndipo zina anaononga asanafike pamenepa. Koma wina anamulola kuononga zipangizo zakufa kale, ndipo lero anthu akukwera minibasi kudzaona ntchito ya manja ake.

Lolemba ndinakapempha kiyi wa chipinda china kusukulu kwathu. Muli makompyuta atatu amene aliyense amati anafa. Eneless wavomera kubwera Lachisanu kudzawatsegula pamodzi ndi ana a Fomu 3, ndipo atsikana asanu alembetsa kale.

Nanga kwanuko, kiyi wa chipinda chotero akusunga ndani, ndipo akudikira chiyani?