Tadala pa mpikisano, ine ndowa pamutu

Ndili m'holo ya kuyunivesite, koma mabenchi ake ndi a kutchalitchi kwathu. Mwana wanga Tadala waima kutsogolo. Ndi tsiku la mpikisano uja anandiuza, woti aliyense afotokozere anthu wamba kafukufuku wake m'mphindi zitatu zokha. Wake ndi wa udzudzu.

Bambo wina wa jekete yofiira akuyatsa kandulo yaifupi ngati chala. "Ikazima, basi. Ndipo amake akapanda kumva, mwanayu abwerera ku sitandade wani."

Anthu onse akucheukira ine.

Tadala akuyamba, koma ndi Chingerezi chokhachokha. Mawu ake akugwa pasimenti ngati mtedza. Ndikutola limodzi, ndikuswa, mulibe kanthu. Kandulo ikusungunukira patebulo.

"Tadala mwanawe, tayankhula chakwathu!"

Akundiyang'ana. "Amayi, udzudzu wa masiku ano wazolowera mankhwala a m'neti. Ukumatera pomwepo osafa."

Ndamva! Ambuye, ndamva zonse! Koma mawu akukana kutuluka.

"Mayi, ngati mwamva, gwedezani mutu," akutero bambo uja.

Pamutu panga pali ndowa yodzaza madzi, kaya wanditwika ndani. Mapepala onse a mwana wanga ali pamiyendo panga, ndikangogwedeza anyowa. Lawi latsala ngati kanjere ka mpunga.

"Amayi, chonde."

Ndikugwedeza. Madzi ozizira akutsika ndi khosi, bambo uja akuimirira kuti agamule.

Ndadzidzimuka kutulo, ndagwada pomwepo kumupereka mwana wanga m'manja mwa Mulungu amene anamufikitsa kumeneko.