Anandisandutsa Sticker, Kenako Ananamizira Ine

Anzanga, Ambokile ndinakumana naye pa depoti ya Karonga, nditangobwera kumene kuchokera kwathu ku Mchinji kudzayamba unamwino. Ndinagula zitumbuwa kwa mayi wina, kuluma, mkati moyera mbee, nthochi mulibe. Ndinayamba kulalata kuti andibera. Mnyamata amene anali pambali panga anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Sister, izi ndi zampunga, mpunga wa ku Hara. Zanthochi zanuzo kuno timanyengerera ana."

Ndinamuyankha kuti kwathu mpunga timadyera Khirisimasi, sitiuseweretsa m'mafuta. Anapempha number, ati andiphunzitse kudya. Ine Chrissie, chitsiru, ndinampatsa.

Chibwenzi chathu chinakulira pa WhatsApp. M'mawa uliwonse, chithunzi. Ananditumizira croissant, ati awa ndi mandasi a ku France, anapindika msana ndi sukulu. Ine ndinabweza donasi, ndati awa ndi mandasi a m'tauni, akuba anawabowola pakati. Sambusa ankati ndi envelopu ya Amwenye, chigumu chathu ankachitcha njerwa yomangira toilet. Tinkatukwanizana za zakudya mpaka bundle kutha.

Akapita ku Kyela, kutsidya kwa border, kukaoda katundu wa shop, ankandibweretsera kachori, timipira ta mbatatesi tokazinga, ndi chapati zokulunga m'nyuzipepala. Ndinamukonda, sindibisa. Kuno ndinalibe m'bale, ndipo munthu wokuseketsa ukaweruka wotopa umamuyesa mngelo.

Itakwana nthawi yokaonekera kwawo ku Mwenilondo, mchemwali wake Lettie anandikhazika pansi. Anati kwawo mkazi wa mwana saonana ndi apongozi aamuna. Sakhala nawo pamodzi, sawayang'ana, ndipo akawaona m'njira amapatuka n'kudzifunda. Anati mabanja ambiri anasiya zimenezi, koma adada awo amasungabe.

Kwa ine zinali zachilendo, koma ndinati chabwino, ukalowa m'mudzi wa eni vina gule wawo. Ndinaphunziranso kukazinga zampungazo, mafuta kundithothokera m'manja, mpaka ndinadzaza beseni loti ndikawapatse amayi ake.

Tili m'kanjira kolowera pakhomo, Lettie anangonong'ona kuti, "Mlamu, adada awo."

Ndinataya njira, chitenje kumutu, liwiro kulowa m'nthochi osaona kutsogolo. Mvula inali itagwa. Ndinaterereka n'kugwa chagada, beseni uko, zitumbuwa mbwee m'matope, diresi m'mwamba. Bambowo anatembenuza nkhope n'kudutsa, ulemu wawo. Mwana wawo Ambokile, amene ankatitsatira m'mbuyo, ndi amene anatulutsa foni n'kundijambula.

Ndinamuuza kuti afufute. Analumbira pali Mulungu kuti wafufuta.

Pasanapite masiku, mnzanga wa ku ward anayankha message yanga ndi sticker. Kuyang'anitsitsa... ndine! Miyendo m'mwamba, pansi atalemba kuti "Ex akatulukira". Mnzangayo sanadziwe n'komwe, poti nkhope inali yofunda. Koma a ku Mwenilondo chitenje anachizindikira, nthochi zawo anazizindikira. Ma guardian anayamba kukodolana ndikamadutsa ndi trolley. Wa kabaza wina anandifunsa ngati msana unapola.

Mapeto ake wina anakawaonetsa adada aja. Tangoganizani anzanga. Ndinagwa m'matope kuti bamboyo asandione nkhope, lero waona ntchafu zanga pa foni.

Lettie anandiimbira, mawu ouma gwa, umlamu wonse utatha. Ati banja lakhumudwa, ndisadzapondenso pakhomo pawo. Ndinafunsa kuti ndalakwanji, poti wochititsidwa manyazi ndine. Ati achimwene afotokoza zonse: chithunzicho ndinawapempha ndine, n'kuchiponya ndekha pa status, chifukwa atsikana a ku Central mwambo wa eni timauyesa comedy.

Mutu unandiwira. Ndinakwera kabaza ndi yunifolomu yomwe mpaka ku shop kwa Ambokile. Ndinampeza akudya chapati, akuseka yekha ndi foni. Ndinamunena pamaso pa makasitomala, ndati galu iwe, wabodza, mwamuna wanji wobisala kuseri kwa chitenje cha mkazi. Sanakane. Anati anangotumizira anzake a mpira, sankadziwa kuti chiuluka chonchi, ndipo ndichepetse mawu anthu akumva.

"Amve! Tiye pompano ukawauze adada ako kuti ndiwe."

Anapukuta mafuta m'manja pang'onopang'ono, n'kundikokera kuseri kwa mashelefu.

"Chrissie, tamvetsa. Shop ino ndi ya adada. Iwe ndiwe wa boma, mawa akhoza kukusamutsa, anthu n'kuiwala. Ine ndikhala konkuno mpaka kufa."

Ndinaima kudikira kuti aseke, anene kuti ndi joke monga mwa masiku onse. Sanaseke. Munthuyu anali atakhala pansi, n'kuganiza bwinobwino, n'kuona kuti pa awirife wosavuta kutaya ndine.

Ndinamulavulira pa nsapato n'kutuluka. Ndinamublocka ndisanafike pamsewu. Sindinamukhululukire ndipo musandilembere za kukhululuka mu comment, sindiwerenga.

Boma silinandisamutse. Ndikadali ku Karonga konkuno, ndipo iye akutumizabe zithunzi zoseketsa m'magulu, anthu akumuti ndi comedian. Dzulo amayi ake, omwe tinaonana tsiku la matope lija, anabwera kuchipatala kudzayezetsa BP. Mzere utafika pa iwo, anakweza maso n'kuona kuti pa tebulo ndili ine. Anatola kachikwama kawo, n'kubwerera kumapeto kwa mzere kukadikira nurse wina.