A Tikhala Anakana Lumo

Ku Kadewere a Tikhala ankadziwika ndi chitsekero cha botolo. Chaka chomwe boma linayamba kugawa timatumba ta feteleza, anzawo ankangomwaza m'mizere ngati akudyetsa nkhuku, koma iwo ayi. Ankaboola kadzenje pambali pa phando lililonse, n'kuthiramo chitsekero chimodzi, n'kukwirira ndi chidendene. Wofuna kuwaputa ankangowafunsa chifukwa chake, basi walandira ulaliki wa tsiku lonse: chakudya cha chimanga chipite ku chimanga, udzu ukadzifunire wokha. Mayi ameneyu anali wa pakamwa, ndipo ngakhale owakonda sankakana zimenezo.

Woboola timaenjeto nthawi zambiri anali amuna awo, a Simoni, mkamwini wochokera ku Magomero, munthu wosalankhulalankhula. Analima munda wa kuchikazi zaka zoposa makumi awiri, nabereka ana anayi, koma pamudzi ankatchedwabe obwera.

Mu 2003, atangokolola, a Tikhala anayamba kutupa mimba chakumanja, maso n'kuchita chikasu. Ku chipatala cha Nguludi adokotala sanawabisire. Inali khansa ya m'chiwindi, ndipo inali itafika patali. Anawafotokozera kuti mankhwala a khansa amayenda m'thupi lonse, kuwotcha podwala ndi pabwino pomwe.

"Ndiye kuti inunso mumangomwaza," anatero a Tikhala. "Osangoika pachiwindipo bwanji?"

Adokotala sanakwiye. Anati kunja kuli akatswiri omwe akuyesa timibulu tosaoneka ndi maso, tonyamula mankhwala m'magazi n'kukawatula pachotupa penipeni, koma ntchitoyo inali isanathe ndipo kuno inali isanafike. A Tikhala zinawapweteka kwambiri. Nzeru yomwe iwo ankagwiritsa ntchito m'munda chaka ndi chaka, anthu ophunzira anali akuizengerezabe. Anabwerera kwawo ndi mankhwala ochepetsa ululu basi.

Patapita sabata ziwiri, mchimwene wawo wamkulu, a Francisko, mwini mbumba, anafika m'mawa ndi sing'anga. Abale anadzaza pakhonde. Sing'angayo anayala kansalu, n'kuikapo lumo ndi kabotolo ka mankhwala akuda. Anati atema mphini pamwamba pa chiwindi penipenipo, mankhwala alowe osasochera.

Izi ndi zomwe a Tikhala ankafuna kumva kuyambira tsiku la ku Nguludi lija. Imfa ankaiopa, moyo ankaufunitsitsa, ndipo manja awo anali atayamba kale kumasula chitenje.

Kenako sing'anga anawonjezera kuti mankhwalawo sangagwire ngati woponya matendawa akugonabe m'nyumbamo. Dzina sanatchule. Panalibenso chifukwa chotchulira, poti maso onse anatembenukira kwa a Simoni, omwe anali ataima pakhomo ndi beseni la madzi osambitsira akazi awo. Aliyense pakhondepo ankadziwa tanthauzo lake. Kulola lumolo kunali kuvomera kuti a Simoni ndi mfiti, ndipo akanachoka tsiku lomwelo ndi bulangeti lokha.

A Tikhala anamanganso chitenje chawo pang'onopang'ono.

"Achimwene, ndikadziipitsira usiku amandichapira nsalu ndani? Inu?"

"Achemwali, ife tikungofuna muchire," anayankha a Francisko.

"Kuchira ndikukufuna kuposa nonsenu. Koma adokotala anandiuza dzina la nthendayi, ndipo dzinalo si Simoni. Auzeni alendo anuwa anyamule lumo lawo."

A Francisko ananyamuka atatupa ndi mkwiyo. "Mufa nawo makani anuwa."

"Ndifa ndi chiwindi. Makaniwo ndisiyira ana."

Kuyambira tsiku limenelo abale ambiri anasiya kudzawazonda, ndipo a Tikhala sanatumepo munthu kukawapepesa. Anamwalira mu Januwale, chimanga chikumasula ngayaye, a Simoni atawagwira mutu.

Maliro atatha panatsala mwambo wosudzula mkamwini, woti abwerere kwawo. A Francisko anaitanitsa mbumba yonse pansi pa mtengo wa mango, ndipo ankaoneka kuti akufulumira. A Simoni sanadikire kuuzidwa. Anatuluka m'nyumba atamanga kale zovala zawo m'chisaka, khasu lili paphewa. Ku Magomero makolo awo anali atatha kalekale, ndipo munda wa kwawo ankaulima ana a mlongo wawo.

A Francisko asanamalize mawu oyamba, Maluwa, mwana woyamba wa malemu, anaimirira pakati pa akuluakulu osagwada n'komwe.

"Atsibweni, amayi anatiuza kuti abambo akachoka, tichoke tonse anayi. Munda ndi mandawo muziyang'anira nokha."

Azing'ono ake atatu anaimiriranso. Maluwa analanda chisaka chija m'manja mwa bambo ake n'kukachiika m'nyumba. A Simoni, omwe sanagwetse msozi pamaliro ponse, anakhala pansi n'kuyamba kulira.