Makatoni 2,047 a Aphunzitsi

Nsonga ya pensulo inaboola katoni pamene pali 7 womaliza wa 524,287. Kachidutswa ka katoniko kamakhala m'thumba la ovololo ya a Zakeyu Kamtsitsi, amene amapakira sopo m'nyumba yosungiramo katundu ku Montague Gardens. Asanabwere ku Cape Town anaphunzitsa masamu zaka khumi ndi chimodzi pasekondale ina ku Ntcheu, ndipo anzawo apantchito amawaitanabe kuti Aphunzitsi.

Ku Ntcheuko ankakonda phunziro la manambala osagawika, aja amene palibe nambala yowagawa popanda chotsala kupatula 1 ndi iwo eni. Anali ndi lamulo lawo: sankhani nambala yosagawika, chulukitsani ma 2 ochuluka chomwecho, muchotsepo 1, yankho lake n'losagawikanso. Ma 2 atatu amabala 7, asanu amabala 31, asanu ndi awiri 127. Kuyesa kunkathera pamenepo. Ma 2 okwana 11 amabala 2,047, ndipo nambala imeneyi ankangoilembetsa m'makope.

Mwezi wa Meyi kunafika makatoni 2,047, ndipo kapitawo analamula kuti agawidwe mofanana pamapaleti, matabwa osanjikapo katundu. A Zakeyu anaimika dzanja.

"Sizingatheke, bwana. Imeneyo ndi pulayimu, sigawika. Ndaiphunzitsa zaka zambiri."

Otilia, wowerengera katundu, mayi wobadwira ku Mbare ku Harare koma wa makolo a ku Dedza, amene amawaitana a Zakeyu kuti sekuru, kutanthauza agogo m'chilankhulo cha ku Harare, anadinadina foni yake.

"Mapaleti 23, lililonse makatoni 89. Kapena masamu a ku Ntcheu ndi ena, sekuru?"

Onse anaseka. A Zakeyu anapakira nawo, akuwerenga chamumtima. Paleti lomaliza litadzaza, pansi panalibe katoni ngakhale limodzi.

Kusekedwako kunatha ndi tsikulo. Chimene sichinathe ndi nkhani ya Chiyembekezo, wophunzira wawo wakale, amene tsopano akuphunzitsa pasukulu yomwe ija ndi kope limene iwo anamusiyira, momwe munalembedwa lamulo lija. Kumuuza kukanawavula ulemu wokhawo umene unawatsalira kwawo. Kusamuuza kukanalowetsa bodzalo m'kalasi ina chaka chino. Zimenezi anaululira Otilia yekha.

Munthu wamanyazi amayamba wadzipezera ntchito ina. Kwa milungu itatu, panthawi ya nkhomaliro, a Zakeyu, akulemba pakachidutswa ka katoni kaja, anayesa 524,287, yobadwa kwa ma 2 okwana 19, poigawa ndi manambala osagawika onse 128, kuyambira 2 mpaka 719. Paliponse panali chotsala. Nambalayo ndi yosagawikadi, koma chitsanzo chimodzi cholondola sichidzutsa lamulo limene lagwa kale, ndipo iwo ankadziwa zimenezo asanayambe.

Lolemba lapitali Otilia anawapeza akumanga paleti ndi pulasitiki.

"Nhai sekuru, kodi wophunzira wanu uja munamuimbira?"

"Ndinamuimbira dzulo. Ndinamuuza kuti ang'ambe tsamba lachinayi la kope lija, pamene pali lamulolo, komanso auze ana kuti wolakwa ndine, osati iye."