Dzino la Achimwene

Ndinadzuka tambala asanalire, udzudzu utanditha miyendo. Amayi a mpingo anali ataimba mpaka mawu kusasa, ndipo ambiri ankangosinza atatsamirana pakhonde. Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anali maso pakona payekha. Panalibe amene anamuyandikira chiyambire maliro, ndipo zinandipsetsa mtima.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Achimwene anamwalira nsagwada itawola, fupa lili pamtunda, ndipo kwathu kwa Katunga anthu ankanong'onezana kuti mkazi wa kwa Mlolo uja ndiye ankawadya mwaufiti. Wosonkhezera moto anali atsibweni athu. Ankati maliro akatha mkaziyo amwe mwabvi, akakana azipita kwawo, ana atsale poti tinalowola.

Chiyambi cha matendawo sichinali chobisika. Achimwene ankaphikira dokotala wachizungu ku Joni. Atatuluka chotupa pansi pa lilime, chimene lero amati khansa, bwanayo anawatengera kuchipatala, komwe anachiwotcha ndi cheza champhamvu chotchedwa lediyamu. Chotupa chinaphwa, koma malovu anauma, mano n'kuyamba kubooka. Atabwera kumudzi anatiuza okha zimene madokotala anawalangiza: fupa lowotchedwa chonchi silipola msanga, ndiye asazulitse dzino chisawawa, asiyenso fodya wa kaliwo ndi kachasu. Kaliwo sanasiye, kachasu ndiye osanena. Makani ndi a m'magazi mwathu. Dzino litawasowetsa tulo anapita kwa atsibweni omwewo, odziwika pozula mano ndi chopanira chachitsulo chomwe anachipeza pa sitima yapamadzi. Balalo silinatsekeke.

Kutacha, moto unayaka kuseri kwa nyumba, fungo la milamba yowamba n'kudzaza bwalo. Anthu anabwera ambiri, ena atasiya thonje m'munda, ena pa mabwato kuchokera kumunsi kwa Shire. Abale a mlamu anafika fumbi lokhalokha, ndipo anawalozera pansi pa mtengo wopanda mthunzi. Dzuwa linali lolasa, mphepo yotentha ngati yochokera m'ng'anjo. Adzukulu anamanga chibwano cha achimwene ndi nsalu yoyera, kubwereza kangapo chifukwa sichinkagwira. Ndinalira pamenepo, chifukwa pakamwa pomwepo ndi pomwe pankatuluka nthabwala zomwe zinatilera.

Chithatha chitanyamulidwa, panamveka mawu oti wamasiye atsale kunyumba. Sindinafunse kuti wanena ndani. Ndinamugwira dzanja, tinayenda kumbuyo kwenikweni kwa maliro, ndipo amayi ena anatipatukira ngati tanyamula nthomba.

Kumanda, mwambo wathu ndi woti wamkulu wa banja afotokoze mmene matenda anayendera, amayi titakhala pansi chapatali, kukamwa kuli chete. Atsibweni anaimirira. Anatchula Joni, anatchula chotupa, dzino analidumpha. Pomaliza anati imfa iyi ili ndi mwini wake, ndipo tionana naye mawa.

Miyendo inandiimiritsa yokha.

"Atsibweni, pepani, mwaiwala dzino," ndinatero. "Azungu anati lisazulidwe. Munazula ndinu, ine ndikugwira mutu kuti usagwedezeke. Simunafune kuwapha, ankalira ndi ululu. Fodya ankakoka okha, kachasu ankamwa okha. Mlamu wanga ndiye ankapukuta mafinya tonse titathawa fungo. Ngati pali mwabvi, bweretsani zikho zitatu. Muyambe ndinu, nditsatire ine."

"Khala pansi, mwanawe! Mkazi salankhula kumanda," anakalipa.

"Ndikhala mukatchula dzino."

Mphunzitsi wa mpingo anayang'ana pansi, adzukulu atatsamira makasu. Pamapeto pake ndi atsibweni amene anakhala pansi. Mayi wina kumbuyo anayambitsa nyimbo, ndipo dothi linayamba kugwa.

Madzulo anthu atabalalika, moto utazima, nyumba inakula modabwitsa. Ana anagona osadya. Ndinapeza mlamu atamanga kale katundu wake m'nsalu, atakhala pafupi ndi chitseko.

"Mlamu, mangwana ndinyamuke?" anafunsa motsitsa mawu. "Sakusiyani inu chifukwa cha ine."

Ndinamasula mtolowo, n'kubwezera chilichonse pamalo pake. Kenako ndinayala mphasa yanga mopingasa pakhomo, kuti wofuna kulowa ayambe waponda ine.