Mapilitsi a Mnzanga Anathera pa Likoma

Inu owerenga, pali mawu amene ndinauza mnzanga ndi mtima wabwino, koma ndi amene anamupititsa kumanda. Mawuwo ndi akuti, "Usadandaule, sindiuza munthu." Ndalemba izi kuti wina mwa inu akadzapemphedwa kulonjeza chimodzimodzi, adzayambe waganiza mofatsa.

Munali mu 2003. Ine ndinkasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Nkhotakota. Mnzangayo ndimutchula kuti Esinati, ngakhale si dzina lake lenileni. Anali mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo tinadziwana chifukwa ankasoketsa madiresi kwa ine. Unkhoswe wake unali utachitika, ukwati tikuuyembekezera mu Okutobala. Esinati anali asanakwerepo sitima yapamadzi chibadwire. Tsiku lina ndikumufotokozera za Likoma, kwawo kwa malemu bambo anga, anandichonderera kuti ndimutengeko asanalowe m'banja, poti akakwatiwa maulendo ongoyenda ndi mnzake adzatha.

M'matumba mwathu munali mopepuka, choncho tinakonza ulendo wa amphawi. Tinasankha holide ya mu Julaye kuti tikafike Loweruka n'kubwerako ndi sitima yomweyo ikamachokera kumpoto. Tinakwera pansi, malo otsika mtengo, pamodzi ndi matumba a ufa, njinga ndi nkhuku. Kamba wathu anali mbatata yootcha, mtedza wokazinga ndi zitumbuwa. Za nyumba yogona alendo sitinaziganizire n'komwe, poti azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, ankakhala okha ku Yofu chimwalirireni amuna awo ku Halale.

Masiku oyambawo anali okoma, sindinama. Titatsika m'boti lotichotsa pasitima, tinasenza zikwama n'kuuyamba wapansi. Esinati ankaima pa mlambe uliwonse kuti aukumbatire, ine n'kumamuseka. Lamulungu tinapemphera m'tchalitchi chachikulu cha ku Chipyela, iye maso ali kudenga mapemphero onse. Kenako tinayenda mpaka ku Khuyu, tikudutsa m'minda ya chinangwa, tikutola malambe m'njira. Azakhali anamukonda msanga chifukwa sankadikira kutumidwa. Ukamadzuka unkapeza wasesa kale pabwalo.

Tsiku loti tibwerere tinapita kudoko n'kumva kuti sitima yawonongekera kumpoto, ndipo palibe ankadziwa tsiku lomwe idzafike. Mphepo ya mwera inali itakwiya, moti eni maboti anakaniratu zowoloka. Ine ndinangoseka, n'kunena kuti holide yatalika yokha. Esinati sanaseke. Pobwerera ku Yofu, titafika pakati pa munda wina wa chinangwa anakhala pansi pamwala n'kundiuza kuti ndikhale nanenso.

Pamenepo ndi pomwe anandiululira kuti ali ndi matenda akugwa, aja ena amati khunyu. Anayamba ali ku sekondale. Ankamwa mapilitsi tsiku lililonse, ndipo panali patapita zaka asanagwe. Botolo lonse analisiya kunyumba poopa kuti ndingalione m'chikwama. Anangokulunga m'kapepala mapilitsi okwanira masiku aulendowo, ndipo lomaliza anali atamwa m'mawa umenewo.

Ndinamuuza kuti tibwerere pomwepo, chipatala chili pafupi, akatipatsa ena. Anakana. Anati mmodzi mwa anamwino a pachipatalapo ndi msuweni wa mwamuna wodzamukwatirayo, ndipo tinali titapatsana naye moni kutchalitchi. Nkhani ikangofika kwa apongozi, ukwati watha. Mukudziwa inu owerenga mmene anthu amanenera za matendawa. Ena amati ndi ziwanda, ena amati ukakhudza thovu la wodwalayo nawenso uyamba kugwa. Esinati anali atathawidwapo kale ndi mnyamata wina chifukwa cha zomwezo.

Ndinayesa kunena kuti ndipite ine ndikanamizire kuti wodwala ndine. Anati anamwino adzandifunsa khadi ndi mafunso omwe sindingayankhe. Ndinati tiwauze azakhali okha. Anagwira manja anga onse awiri, misozi ikutsika.

"Achemwali, pachilumba pano mawu sachedwa kuzungulira. Ndapirira zaka zonsezi, masiku ochepawa sangandiphe. Ndilonjezeni."

Ndinalonjeza. Ndinkadziona ngati mnzake weniweni.

Kuyambira pamenepo ndinakhala mlonda wake wamseri. Akafuna kupita pamoto ndinkamulanda mthiko. Akanyamula ndowa kuti akatunge madzi kunyanja ndinkamutsatira. Azakhali anayamba kundidzudzula kuti ndikumuchititsa mlendo manyazi, ndimusiye agwire ntchito monga mwana wapakhomo. Ine ndinkangoseka n'kusintha nkhani. Kangapo konse mawu anafika pakamwa, makamaka tikakhala awiri ndi azakhali tikusenda chinangwa, koma ndikakumbukira misozi ija ndinkawameza.

Esinati anayamba kusintha. Tulo sankagona bwino, ankadandaula mutu, ndipo nthawi zina ndikamuyankhula ankangondiyang'ana ngati sakundidziwa, kenako n'kudzidzimuka. Ndinamupemphanso za kuchipatala. Anati sitima ifika mawa. Tsiku lililonse inali mawa.

Kamba wathu anali atatha kalekale, ndipo zinkandivuta kuti tikudya ufa wa mayi wamasiye. Ndiye mayi wina wa ku Mbungo atamva kuti kwabwera telala, n'kutumiza uthenga woti ali ndi makina koma alibe womusokera mayunifolomu a ana, ndinavomera. Anati adzandipatsa usipa ndi ufa wa kondowole. Ndinafuna kupita ndi Esinati, koma m'mawa umenewo anati mutu wakula, agona. Ndinamuuza monong'ona kuti asayandikire moto kapena madzi mpaka nditabwera. Anagwedeza mutu movomera. Kwa azakhali ndinangoti mnzangayu sakupeza bwino, apume.

Zomwe zinachitika ndinazimva kwa azakhali. Dzuwa litakwera Esinati anadzuka n'kunena kuti mutu wapepuka. Anaona azakhali akusonkhanitsa mbale ndi mapoto kuti akatsuke kunyanja, n'kuwalanda beseni. Azakhali sanaone chifukwa chomukaniza. Kunyanjako ndi pafupi, ndipo malo otsukirapo madzi ake safika n'komwe m'mawondo. Amayi ena anali atatsuka kale n'kubwerera, abambo ali kuseri kwa miyala akusoka maukonde.

Atachedwa, azakhali anamutsatira. Anapeza mbale zikuyandama, iye atagwa chafufumimba, nkhope ili m'madzi. Madzi ake oti ngakhale mwana wokwawa amasewereramo.

Ine uthenga unandipeza ndili pamakina. Sindikumbukira mmene ndinayendera kuchoka ku Mbungo. Ndinafika anthu atadzaza pabwalo, akufunsana kuti munthu wamkulu angamire bwanji pamalo otero. Ena anali atayamba kale kunong'onezana za ufiti, n'kumawayang'ana azakhali ndi diso loipa. Pamenepo ndinaulula zonse, pamaso pa anthu onse, chinsinsi chomwe ndinalephera kuuza munthu mmodzi.

Azakhali sanakalipe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wa achimwene anga, unandisiya ndimupatse beseni ndi manja angawa. Ukanangonditsina khutu, ndikanamukhazika pamphasa."

Mayi wina woyandikana nawo nyumba anawonjeza kuti mwana wake amamwa mankhwala a matenda omwewo, ndipo amakatenga kuchipatala komwe kuja mwezi uliwonse popanda wofunsa zambiri. Nyumba yake tinkaidutsa tsiku lililonse.

Abale a Esinati tinawadziwitsa pa telefoni mothandizidwa ndi apolisi. Sitima kunalibe, mwera unali usanaleke, ndipo thupi silikanadikira. Bambo ake analola kuti aikidwe konko. Anthu a ku Yofu anachita zonse ngati mwana wawo. Anakhoma bokosi, amayi a mpingo anaimba, wansembe anabwera. Koma pa anthu onse amene anaponya dothi m'manda muja, amene ankamudziwa Esinati tisanabwere pachilumbapo ndinali ine ndekha.

Sitima itakonzedwa inabweretsa bambo ake, mayi ake ndi mwamuna uja ankati amukwatire. Ndinawaperekeza kumanda. Mayi ake sanandiyankhule, ndipo sindiwaimba mlandu. Pobwerera mwamunayo anatsalira m'mbuyo n'kuyenda nane. Ndinamufotokozera chifukwa chake Esinati anakana kuchipatala, ndikuganiza kuti ndikumuuza zachilendo. Anaima panjira.

"Mlamu, ine ndinkadziwa. Mayi ake anandiuza unkhoswe usanachitike, ndipo ndinati palibe kanthu. Ndinkangodikira kuti adzandiuze yekha akadzamasuka."

Inu owerenga, tonse atatu tinkamukonda, ine, mayi ake ndi mwamunayo, ndipo aliyense anakhala chete poganiza kuti akumusungira ulemu. Mayi ake sanamuuze kuti anaulula. Mwamunayo sanamuuze kuti akudziwa. Ine sindinauze azakhali. Esinati anafa akubisa chinthu chomwe chinali chitadziwika kale kwa munthu amene ankamuopayo.

Ndinabwerera ku Nkhotakota n'kupeza nsalu zomwe ndinkati ndisokere operekeza ukwati wa Esinati zili m'kabati mmene ndinazisiyira. Ndinazibweza kwa eni ake osazidula. Azakhali anakhala zaka zingapo osatsukanso mbale pamalo paja, ankazungulira kukatsukira kutali, mpaka anamwalira tisanayambe kuchezanso ngati kale.

Ndikupempheni zinthu izi. Ngati mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, musamawerengere masiku aulendo potenga mapilitsi. Tengani botolo lonse, chifukwa tsiku lonyamuka mumalidziwa koma lobwerera silili m'manja mwanu. Muuzeni za matenda anu amene mukuyenda naye musanakwere, osati zinthu zitavuta kale. Ngati mukudziwa matenda a munthu amene mumamukonda ndipo mwawalandira, muuzeni lero, musadikire kuti ayambe iye. Khunyu ndi matenda ngati ena onse, sapatsirana, ndipo mankhwala ake alipo.

Ndipo mnzanu akakugwirani manja kuti mulonjeze kubisa chinthu chomwe chingamuphe, kanani. Mutengereni kuchipatala ngakhale akutukwaneni njira yonse. Esinati akanandikwiyira, mwina osadzandiyankhulanso moyo wake wonse. Ndikanakonda zimenezo. Bwenzi lero ndikumuona akudutsa pakhonde langa atayang'ana kumbali, ali ndi ana ake.