Anangodula “Mwana Wane”

Mlongo wanga anali wa kabaza wa njinga yamoto. Galimoto inamugunda m'mawa wina akuchokera kwathu ku Area 25 kulowera m'tauni, ndipo woyendetsayo sanaime n'komwe. Anafera pomwepo.

Tsiku lomwelo ndinaika chithunzi chake pa tsamba langa la mchezo. Ndinalemba mwaulemu, kupempha kuti aliyense amene anaiona galimotoyo atiuze, ngakhale mtundu wake chabe. Anayankha ndi anthu a kutchalitchi kwathu ndi anzake a pa siteji. “Pepani.” “Ause mumtendere.” Basi. Palibe amene anasheya. Ndinakhala ndikuyang'ana foni mpaka bandulo inatha.

Amama ndi a ku Mzimba. Akhala mu Lilongwe kuyambira ndisanabadwe, ndipo pa benchi yawo ya tomato kumsika ankakangana ndi makasitomala m'Chichewa chabwinobwino. Koma thupi litafika kuchokera ku mochale, anatuluka m'nyumba manja ali kumutu, duku litagwa, n'kuyamba kulira m'Chitumbuka: “Ŵakoma! Ŵakoma mwana wane! Ŵakoma!”

Kwawo kwa Amama, kukoma ndi kupha. Ankanena kuti amupha mwana wawo. Kuno, kukoma ndi kwa ndiwo, kwa tiyi wa mkaka. Ndipo pakhamu la anthu obwera pamaliro wina anali atakweza foni.

Titaika maliro sipanapite nthawi. Mnzanga amene ndimaluka naye tsitsi pa saluni anandikokera kumbali, nati, “Iwe, si mayi ako awa?” Pa foni yake panali kanema wa bambo wina akumwa mowa pa bala, akupukuta pakamwa. Kenako nkhope ya Amama, misozi ili mbwe, manja kumutu: “Wakoma! Wakoma!” Bambo uja n'kugwedeza mutu, kuvomereza. Mawu akuti “mwana wane” anali atawadula.

Abale inu, mmene zinathamangira! Wina anaika pa mpunga wa paukwati. Wina pa tchipisi. Wina pa mtsikana akudutsa mumsewu. Ena anawonjezera ng'oma, kulira kwa Amama n'kukhala kovinira. M'minibasi kondakitala akalandira ndalama ankati, “Wakomaa!” anthu n'kufa nacho chiseko. Ine ndili momwemo, ndafinyidwa pawindo.

Anthu akumpoto amene anamva tanthauzo anakwiya, nalemba kuti uku n'kunyoza maliro. Ena anawayankha kuti Atumbuka simudziwa nthabwala. Anatukwanizana mitundu, anakumba mpaka za mavoti. Ndinaganiza kuti mkanganowo uzimitsa kanemayo. Ha! Unali ngati kuthira palafini pa mbaula. Aliyense wotukwana ankamusheyanso kuti anzake aone chimene akutukwanira. Pansi pake ndinalemba kuti awa ndi mayi anga, akulira mwana wawo, chonde tithandizeni kupeza galimoto. Mawu angawo anamira, ndipo wina anandiyankha ndi kankhope koseka.

Amene anayamba kumuika kanemayo ndinamupeza. Ndi bambo wamkulu ndithu, wa ndevu zake, ali ndi malo ometera ku Biwi. Ndinamupeza akumeta munthu, ndipo sanazimitse n'komwe makina.

“Achemwali, ine anangonditumizira,” anatero. “Chitumbuka sindimva.”

“Pano mwamva. Chotsani.”

“Ndichotse chiyani? Ili m'mafoni a dziko lonse. Komanso musadandaule, mayi atchuka. Ena amalipira kuti zitere.”

Ndinamuonetsa zimene ndinalemba zija, za galimoto. Ndinati popeza anthu amamutsatira, asheyeko. Anawerenga mizere iwiri n'kundibwezera foni.

“Izi siziyenda, achemwali. Zatalika. Anthu ali ndi mavuto awo kale, safuna kuwonjezera ena. Amafuna kachidule, mawu amodzi oti akhoza kubwereza, aseke kapena akwiye. Mwina mayi atabwera, anenenso kamodzi ali ndi botolo la fanta m'manja, ndiye kumapeto titchuleko za galimotoyo.”

Ndinalakalaka kumulavulira. Ndimadana naye bambo ameneyo mpaka lero, ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti pa za anthuzo sananame.

Amama foni yawo ndi ya mabatani, choncho tinagwirizana kuwabisira. Koma mu Lilongwe mungabise chiyani? Tsiku lina mzimayi wina wovala bwino anaima pa benchi yawo, nanyamula tomato, nawayang'anitsitsa. “Aaa, ndinu mayi aja! Tanenani kamodzi, ndijambule!” Amama sanamvetse. Mzimayiyo, mokoma mtima kwake, anawaonetsa kanemayo mpaka kumapeto.

Amama anabwera kunyumba dzuwa lili pamutu, tomato atamusiya pa benchi pomwepo. Anangondifunsa funso limodzi: “Kodi anthu onsewa akuseka kuti mwana wanga wafa?” Ndinayesa kufotokoza kuti samva chilankhulo, kuti akuyesa akunena za chakudya. Iwo anati, “Nanga misozi? Nayonso ndi ya Chitumbuka?”

Kumsika sanabwererenso. Galimoto ija sinapezeke.

Chaka chitatha tinapita kukaika chiliza. Tinali ochepa, achibale ndi abusa. Atachotsa nsalu, dzina la mlongo wanga linaonekera pa simenti. Ndinaona chifuwa cha Amama chikukwera, milomo ikunjenjemera. Ndinawagwira mkono, ndikudikira kuti alire, chifukwa chiyambire tsiku la pamsika lija sanagwetsenso msozi.

Anatembenuka, nayang'ana manja a munthu aliyense, mmodzimmodzi, mpaka a abusa.

“Palibe wa foni, Amama,” ndinawanong'oneza. “Lirani.”

Anakoka nsonga ya chitenje, naiika m'kamwa, naluma. Anaima choncho mpaka tinatseka ndi pemphero.